Masabata Asanu Amene Mitengo Inaima ku Thambani

Ana anga, Chisomo ndi Dalitso, mwandifunsa kawiri konse za pepala lija munaliona m'sutukesi yanga, lija la mizere yofiira ndi yabuluu, ndipo kawiri konse ndakuyankhani kuti ndi za kuntchito basi. Sindinakunamizeni, ndi za kuntchito ndithu, koma si zokhazo. Ndaganiza zoti ndilembe, chifukwa pakamwa ndimayamba bwino kenako ndimasochera. Ndikuuzirenitu kuti nkhani imeneyi ineyo sindiimvetsa yonse mpaka lero, ngakhale kuti amene anali pakati pake ndine.

Chaka changa choyamba pa ntchito

Ndinayamba ntchito ndili ndi zaka makumi awiri ndi zitatu, ndipo ananditumiza kuno ku Mwanza ngati wolemba mitengo ya zinthu m'misika. Ntchito yake inali yosavuta kufotokoza. Sabata iliyonse ndinkapita pa msika wa pa boma, wa pa malire ndi wa ku Thambani, kukafunsa mtengo wa chimanga, nyemba, mchere, sopo, mafuta ophikira ndi mbuzi, kuyeza pa sikelo, kulemba pa fomu n'kutumiza kulikulu. Zoti kulikuluko amatani nazo palibe anatiuza, ifenso sitinafunse. Bwana wanga woyamba anali a Mtambalika, munthu wamfupi wosasiyana ndi tayi, amene ankapukuta nsapato asanalowe mu ofesi ngakhale kuti mu ofesimo ndimo munali fumbi lenileni. Anandipatsa njinga yakapalasa, sikelo ya mbedza ndi mafomu, n'kundiuza kuti zitatu zimenezi ndizizisamala kuposa mimba yanga. Chifukwa cha sikeloyo anthu a ku Thambani ananditcha a Sikelo, moti ena mpaka lero sadziwa kuti dzina langa ndi Kaliwo.

Mvula itafika, tsiku lina ndinapeza mtsinje wa panjira utadzaza, ndipo ndinabwerera. Mabokosi a Thambani pa fomu ndinawasiya opanda kanthu, m'munsi n'kulemba mwaulemu kuti sindinafike chifukwa cha madzi. A Mtambalika anaigwira fomuyo ndi zala ziwiri.

"A Kaliwo, ichi n'chiyani?"

"Sindinawoloke, bwana. Madzi anali m'khosi."

"Ndiye mwaganiza zowalembera kalata? Kulikulu safuna makalata, amafuna manambala. Fomu yopanda kanthu imabwerera ndi funso, funso limabwera pa galimoto, ndipo m'galimotomo mumakhala munthu woti atha kutichotsa tonse awiri. Sabata yatha chimanga chinali pa zingati?"

Ndinawauza.

"Kokerani zomwezo. Chimanga sichingathawe pa sabata imodzi."

Umu ndi mmene ndinaphunzirira kukokera, kutanthauza kukopera mitengo ya sabata yatha pa fomu ya sabata ino ngati munthu sunafike pa msika. Palibe buku limene munalembedwa zimenezi. Zinkangochoka kwa wamkulu kupita kwa wamng'ono, ndipo pa misonkhano yathu ya m'chigawo tinkaseka nazo pa nthawi ya tiyi, koma m'holo palibe ankazitchula. Tsiku limenelo mtima unandipweteka pang'ono. Chaka chisanathe unali utasiya.

Zaka za pakati: pa malire, ndi njinga yamoto

A Mtambalika atapuma, ananditumiza pa malire kwa zaka zinayi. Kumeneko ntchito inawonjezereka. Ndinkawerenga malole olowa ndi otuluka, ndiponso kufunsa osintha ndalama kuti lero kwacha ikuyenda bwanji ndi ndalama ya kutsidya. Iwo ankandiyesa wapolisi wovala zawamba, ndiye ankandiuza mtengo wina, munthu wobwera pambuyo panga n'kumuuza wina. Ndinaphunzira kuima pafupi ndi amayi ogulitsa nthochi, n'kumamvetsera mtengo umene akuuza anthu ena. Ndikunena izi kuti mudziwe kuti ntchito yanga ndinkaikonda, ndipo ndikafika pamalo sindinkalemba chinthu chimene makutu anga sanamve.

Nditabwerera pa boma anandipatsa njinga yamoto. Pa mtsinje paja anali atamangapo mlatho, moti mvula inasiya kundiletsa. Chinatsala ndi mafuta. Mafuta athu ankabwera ndi makuponi ochokera kulikulu, ndipo panali chinthu chimene ndinachizolowera osachiganizira. Zinthu zikamayamba kuvuta m'dziko, makuponi athu ndiwo ankayamba kusowa. Kunja kuli zii, m'sitolo shuga alimo, pa filing'i sitesheni palibe mzere, koma ife atiuza kale kuti mwezi uno dikirani. Pakapita miyezi iwiri kapena itatu, ndiye aliyense ankaona: mizere ya magalimoto, malole ochepa pa malire, sopo kukwera m'mawa ndi madzulo. Zinandichitikira kangapo pa zaka zonse zija. Pa boma ndinkayenda wapansi, pa malire ndinkakwera kabaza ndi ndalama ya m'thumba mwanga, koma Thambani ndi kutali, ulendo wake umadya tsiku lonse. Choncho makuponi akasowa, Thambani ndinkakokera, sabata zitatu, zinayi, nthawi zina zisanu ndi imodzi.

Ndinali ndi lamulo langa, ndipo ndinkanyada nalo. Sindinkakokera chifukwa cha ulesi, kapena mutu, kapena ukwati wa mnzanga. Ndinkakokera pokhapokha mafuta akasowa. Malemu mayi anu ankandiseka nalo lamuloli. Ankati, "Inu abambo a Chisomo, bodza lanu lili ndi malamulo ngati mpingo." Ine ndinkayankha kuti si bodza, ndi kudikirira choonadi. Iwo ankangopukusa mutu n'kupitiriza kusita.

Chaka chomaliza, Juni ndi Julayi

Pofika chaka changa chomaliza mafomu anali atatha, tinkalemba pa tabuleti. Tabuletiyo inali a Mtambalika achiwiri, chifukwa bokosi limodzi likakhala lopanda kanthu inkakana kutumiza. Bwana wanga tsopano anali mayi Gondwe, munthu wachilungamo koma wosachedwa kupsa mtima. Ndi iwo anatiuza kuti kulikulu kwabwera makina olosera mavuto a zachuma. Anati si makina a mawilo ayi, ndi pulogalamu ya pa kompyuta imene aipatsa manambala onse amene takhala tikutumiza kwa zaka zambiri, pamodzi ndi ena a m'maofesi ena, ndipo yaphunzira yokha kuti zinthu zisanavute manambala amaoneka bwanji. Mwezi uliwonse inkapereka mtundu kwa boma lililonse. Wobiriwira unkatanthauza kuti zili bwino, wachikasu kuti khalani tcheru, wofiira kuti mavuto ali panjira.

Ndinafunsa kuti, "Yaphunzira yokha bwanji, mayi? Mphunzitsi wake ndani?"

"Mphunzitsi wake ndi inuyo, a Kaliwo, ndi mafomu anu aja."

Tonse tinaseka. Ine ndinaseka kwambiri kuposa onse, chifukwa sindinamve chilichonse.

Mu Juni, manachesi ali mbwee m'misewu, mayi anu anagonekedwa m'chipatala. Inu tinakuuzani kuti ndi malungo chabe, chifukwa iwo anakana kuti muchoke kuntchito kwanu. Sanali malungo. M'wodi munkagona mng'ono wawo, ine mwamuna malo anga anali panja, pa benchi ya pansi pa mtengo, kudikira nthawi yoona odwala. M'mawa ndinkabweretsa phala, masana ndiwo zofewa, ndipo akalemba mankhwala oti tikagule ndinkathamanga ndine. Msika wa pa boma ndi wa pa malire ndinkaupeza pa ola limodzi n'kubwerera pa benchi. Thambani ndiye ayi. Sabata yoyamba ndinati ndikokere kamodzi kokha, sabata yamawa atuluka. Sanatuluke. Ndinakokera kachiwiri, kachitatu, mpaka kasanu, ndili pa benchi yomweyo, tabuleti ili pa bondo. Mafuta analipo, makuponi anali m'dirowa ya mu ofesi.

Mwina mufunsa kuti bwanji sindinapemphe tchuthi, kapena kuimbira foni munthu wa ku Thambani kuti andiuze mitengo. Inenso ndadzifunsa kambirimbiri. Yankho labwino ndilibe. Mutu wanga unali m'wodi, ndipo chala chinkadziwa kale njira yachidule. Tsiku lina mayi anu anandifunsa ali chigonere, "Kuntchito mwawauza?" Ndinati zonse zili m'malo mwake. Anandiyang'ana nthawi yaitali, koma analibe mphamvu zondiseka. Kumapeto kwa Julayi anawatulutsa, ndipo ine ndinayambiranso ulendo wa ku Thambani ngati palibe chachitika.

Chaka chomwecho, Ogasiti

Lipoti la mwezi umenewo linabwera Mwanza ili yofiira. Maboma oyandikana nafe anali achikasu ndi obiriwira, ife tokha psuu. Mayi Gondwe anaitanidwa kukafotokoza pa msonkhano wa pa boma, pamene panali a zaulimi, a zamalonda ndi atsogoleri a makalabu a alimi, ndipo ananditenga kuti ndikawathandize. Anawerenga lipotilo bwinobwino: makina akuona kuti m'miyezi itatu ikubwerayi zinthu zitha kukwera mtengo kwambiri ndi kusowa.

Amene anaimirira anali a Zuze, wapampando wa kalabu ya alimi ku Thambani. Makolo awo anachokera kutsidya nthawi ya nkhondo, ndipo iwo ndi ine tinadziwana tili anyamata. Mayi anu ali m'chipatala, a Zuzewo anatumiza thumba la manachesi pa matola, osalembapo dzina.

"Mayi, tamva kuti kwafiira. Koma kwafiira chifukwa chani?"

"Makina aona choncho, a Zuze."

"Aona chani? Kuchipatala akandiuza kuti ndili ndi malungo, amakhala anditenga magazi, ndipo ndimadziwa kuti ayang'ana magazi. Awawa ayang'ana pati? Ifetu funso lathu ndi limodzi. Feteleza timagula mu Okutobala. Ngati zinthu zikwere, tigulitse mbuzi pompano tigule feteleza asanakwere. Koma mbuzi pano zili pansi, mavenda akutibera. Tikadikira Khirisimasi ikayandikira, mbuzi imodzi imagwira ntchito ya ziwiri. Ndiye tigulitse kapena tidikire?"

Mayi Gondwe anayang'ana ine, ine ndinayang'ana lipoti. Munalibe chifukwa chilichonse, munali mtundu basi. Mayiwo anaimba foni kulikulu tili pomwepo, ndipo wa kumeneko anati makinawo amayang'ana zinthu mazanamazana nthawi imodzi, moti ngakhale amene anawapanga sangaloze chimodzi. Mayi Gondwe anatseka foni n'kunena mokweza kuti, "Ndiye atituma kudzaopseza anthu ndi choko chofiira!" Anthu anaseka, koma potuluka sankaseka. Sabata yotsatira ndinapeza mbuzi zambiri pa msika wa Thambani kuposa masiku onse.

Mukhulupirire ana anga, nthawi imeneyo sindinaganize n'komwe kuti nkhaniyi ikundikhudza. Inenso ndinachita mantha ngati wina aliyense, mpaka ndinagula sopo ndi mchere wambiri n'kubisa kuseri kwa kabati.

Chaka chomwecho, Seputembala

Mayi Gondwe analemba kalata yaukali, ndipo kulikulu anatitumizira a Nkhoma, mayi wachitsikana wa msinkhu wa iwe Chisomo, amene ntchito yake inali yokakamiza makinawo kuti azinena zifukwa zawo. Anafika pa minibasi ndi chikwama cha kumsana, n'kukhala pa desiki yanga. Anali waulemu, ankanditcha adadi, koma ankalankhula mothamanga.

Anandifotokozera katatu. Koyamba ndi kachiwiri ndinangomva mawu achizungu. Kachitatu anati, "Adadi, tiyerekeze matola alemedwa mpaka matayala aphwa. Mukufuna mudziwe katundu amene akulemetsa. Mumatsitsa thumba limodzi n'kuona ngati galimoto yadzuka, mumalibwezera, n'kutsitsa lina. Ndi zomwe ndikuchita ndi makina amenewa, amene ife timati modelo. Ndikuchotsa chinthu chimodzichimodzi n'kumaifunsa kuti, nanga pano ukuti bwanji?"

Apo ndinamvako. Masana anatembenuza kompyuta kuti ine ndi mayi Gondwe tione. Panali mizere yopingasa, wina pansi pa unzake. Yofiira inali zinthu zimene zinakankhira Mwanza ku mavuto, yabuluu zimene zinkabweza. Malole a pa malire anali ndi kamzere kabuluu. Osintha ndalama anali ndi kofiira kakafupi. Koma pamwamba penipeni panali mzere wofiira wautali, wotalika kuposa ina yonse kuiphatikiza.

"Uwu ndi uti?" anafunsa mayi Gondwe.

"Ndi umene wandisokoneza mutu," anatero a Nkhoma. "Mitengo ya ku Thambani inaima masabata asanu, Juni mpaka Julayi, osasuntha ngakhale pang'ono. Munthu ungati ndi nkhani yabwino, eti? Koma modelo ikuti ndi chizindikiro choopsa. Ndabwerera m'mbuyo zaka zonse, ndipo ikunena zoona. Nthawi iliyonse mitengo ikaima chonchi ku Thambani, pakapita miyezi iwiri kapena itatu dziko limalowa m'mavuto. Ndikasuntha mitengo imeneyi pang'ono chabe, taonani, Mwanza ikubwerera pa chikasu."

Anadina, mtundu unasintha. Anadinanso, unafiira. Sindinganame kuti ndinamvetsa zonse nthawi yomweyo. Ndinangozindikira masabata asanu aja, ngati mmene umazindikirira malaya ako atavala munthu wina. Kenako pang'onopang'ono zina zinayamba kulumikizana. Makuponi akasowa ndinkakokera. Makuponi ankasowa mavuto asanafike. Ndiye kuti makina aja, pa zaka zonse zija, sankaona msika wa Thambani. Ankaona njinga yanga itaima. Ulendo uno njinga inaima pa chifukwa china, koma iwo akanadziwa bwanji?

A Nkhoma anali atasangalala. Ankaganiza kuti amalonda a ku Thambani amamva mphekesera kuchokera kutsidya, n'kugwirizana zoimitsa mitengo, ndipo anati ngati zili choncho ndiye kuti tapeza chinthu chimene dziko lonse liyenera kudziwa. Anapempha kuti mawa lake, lomwe linali tsiku la msika, ndiwatengere kumeneko. Kunyumba sindinadye. Kunali kutatsala miyezi isanu ndi umodzi kuti ndipume, fayilo yanga inalibe banga ngakhale limodzi, ndipo ndinkadziwa kuti kulemba manambala abodza ndi mlandu wochotsetsa ntchito. Munthu wochotsedwa sapita kwawo ndi penshoni yonse, ndipo mayi anu ankafunika mankhwala mwezi ndi mwezi. Ndinaganiza zodwala. Ndinaganiza zoti njinga yafa. M'mawa ndinapezeka ndawakweza a Nkhoma kumbuyo, tikupita.

Tinafika dzuwa litakwera. Kumunsi kwa msika kunali mbuzi zomangidwa pa zikhomo, zambiri, zikulira, ndipo venda wina wa ku Blantyre anali ataimika pikapu yake chapafupi, akuzigwira m'chiuno imodziimodzi n'kumapukusa mutu kuti atsitse mtengo. A Zuze anali pomwepo ndi mbuzi zawo zinayi, ndipo anandilonjera ndi moni wa kutsidya.

"Bondiya, a Sikelo! Mwatibweretsera mlendo?"

Ndinawadziwitsa. A Nkhoma anapereka moni mwaulemu, n'kufunsa funso lawo: n'chifukwa chiyani amalonda a kuno anaimitsa mitengo mu Juni ndi Julayi?

"Kuimitsa?" A Zuze anaseka. "Mayi, kuno mtengo suima. Chimanga chinatsika titakolola, Julayi chinayamba kukwera. Nyemba ndiye osanena." Ali pakati pa kuseka anandiyang'ana, ndipo kuseka kuja kunazima. Iwo ankadziwa kumene ndinali miyezi imeneyo. Anakanda m'mutu n'kunena kuti, "Koma kaya, mwina m'mabuku zimaoneka mwina. Ife sukulu sitinapite patali. Mwinanso ndaiwala, ukalambatu uwu."

Anandipatsa njira yothawira, ndipo a Nkhoma anali atayamba kale kuyang'ana wamalonda wina woti amufunse. Ndikanangokhala chete, bwenzi atabwerera ndi mayankho osokonekera, nkhani n'kuthera m'malipoti. Koma venda uja anali atagwira chingwe cha mbuzi yaikazi ya a Zuze, ya bere, imene ndinkaidziwa kuyambira ili kamwana. Sindikudziwa ngati kunali kulimba mtima. Ndikuganiza kuti ndinangotopa.

"A Zuze, musagulitse kaye," ndinatero. "A Nkhoma, mitengo sinaime. Amene anaima ndine."

Tinakhala pa khonde la okonza njinga, ndipo ndinawauza zonse, kuyambira a Mtambalika ndi mtsinje, makuponi, mpaka benchi ya kuchipatala. A Nkhoma anavula magalasi. Ndinkadikira kuti akalipe. M'malo mwake anafunsa kuti, "Adadi, amakokera ndi inu nokha?" Ndinati mayina sinditchula, koma pa tiyi tinkaseka tonse. Anagwira kumutu n'kunena kuti, "Mayo ine. Ndiye modelo yathu yakhala ikuwerenga matanki a njinga." A Zuze anamasula mbuzi zawo n'kuuza anzawo kuti adikire kaye. Ena anamvera. Ena anali atagulitsa kale masabata apitawo, ndipo mbuzi zimenezo sizinabwerere.

Miyezi yotsiriza

Mayi Gondwe anandikalipira ola lathunthu chitseko chili chotseka. Chimene chinawapweteka kwambiri sichinali manambala. Anati, "Akazi anu ali m'chipatala masabata asanu, ine ndili pa desiki iyi, osandiuza? Mumandiyesa chinyama?" Anatumiza lipoti kulikulu monga mwa lamulo, koma anaikamonso mawu ondipepesera. Ndinadikira yankho miyezi iwiri, ndikugwira ntchito ngati munthu woyenda m'tulo. Kunabwera kalata ya chenjezo lomaliza. Sanandichotse, penshoni inatsala, koma pa mwambo wotsanzikana satifiketi ya utumiki wabwino analandira anzanga, ine ndinalandira fanta ndi kuwomba m'manja. Zinandiwawa, ndisakubisireni. Ndinapitanso pa msonkhano wa kalabu ku Thambani kukapepesa kwa amene anagulitsa mbuzi. Mayi wina anandiuza maso ndi maso kuti kupepesa sikubereka, ndipo ankanena zoona.

Mwanza anaibweza pa chikasu. Mavuto aakulu amene ankanenedwa aja sanafike chaka chimenecho. Feteleza anakwera ndithu, koma monga amakwerera chaka chilichonse, moti amene anagula msanga ankati anachita bwino, amene anadikira ndi mbuzi zawo ankatinso anachita bwino. Mukandifunsa amene analondola, sindikudziwa.

Chimene chinandisokoneza kwambiri ndi foni ya a Nkhoma ndisanapume. Anandiuza kuti atachotsa masabata onse okokera m'maboma onse n'kuwaphunzitsanso makinawo, anayamba kulosera moperewera kusiyana ndi kale. Anati kukokera kwathu, ngakhale kunali kolakwa, kunali chizindikiro chabwino kuposa zambiri zimene anali nazo. Choncho pa tabuleti anaikapo bokosi latsopano loti "sindinapite", ndi malo olemba chifukwa, kuti mafuta akasowa makinawo azimva kuti mafuta asowa, osati kuti chimanga chaima. Anatinso kuyambira pamenepo lipoti lililonse lizibwera ndi mizere ija, kuti munthu ngati a Zuze akafunsa kuti mwayang'ana pati, pazikhala choloza. Ndinafunsa kuti, "Ndiye ineyo ndinali wabodza kapena wothandiza?" Anaseka n'kunena kuti, "Zonse ziwiri, adadi." Ine sindinaseke. Zaka zonse zija ndinkayeza nyemba mosamala, kuima pa dzuwa, kukangana ndi mavenda, ndipo chimene makina anachiona cha phindu pa ntchito yanga ndi masiku amene sindinaigwire. Bokosi limene anaika lija ndi lomwe ndinalemba ndekha m'munsi mwa fomu chaka changa choyamba, a Mtambalika n'kulikana. Ndimati ndikaziganiza mutu umazungulira, ndiye ndimangopita kukathirira manachesi anga.

Mayi anu ndinawauza zonse tsiku lomwe ndinachokera ku Thambani. Anali pa mkeka pakhonde. Anati, "Ndinadziwa tsiku lija munati zonse zili m'malo mwake. Inu mukamanama mumayang'ana nsapato." Kenako anaseka, kuseka kwawo kwakale kuja, mpaka anatsokomola. Anatisiya mu Januwale, monga mukudziwa, kutatsala miyezi iwiri kuti ndipume.

Pepala la m'sutukesi lija anandisindikizira a Nkhoma nditawapempha. Mzere wofiira wautali pamwambapo ndi masabata asanu amene ndinakhala pa benchi ndikudikira nthawi yoona odwala. A kulikulu amati pamenepo makina analakwitsa. Ine nthawi zina ndimaliyang'ana n'kumaganiza kuti ananena kuti mavuto ali panjira yobwera ku Mwanza, ndipo anafikadi, kungoti anafikira nyumba imodzi. Kaya kuganiza kotere n'kwanzeru kapena ndi ukalamba, muweruze nokha.

Musalitaye pepalalo. Mukadzaliona muzikumbukira kuti bambo anu analakwa, ndipo anthu ena anataya mbuzi chifukwa cha iwo. Atandibwezera masabata asanu amenewo, ndikanagogoda pa chitseko cha mayi Gondwe tsiku loyamba lomwe, ndipo pa tabuleti sindikanalemba nambala ngakhale imodzi yabodza. Koma ku Thambani sindikanapitabe.